Chipika pa Msewu wa ku Kakumbi

Senderani kuno inu ana, mtedzawu sudziswa wokha. Tiyese, ika foniyo pansi. Ndinakumva dzulo ukuuza anzako kuti ukadzapeza ntchito ku loji, choyamba kugula chidzakhala njinga yamoto ngati ya agogo ako aamuna. Magazi sanama, ndavomera. Koma iwe agogo akowo unawadziwa mutu uli mbuu, akuwodzera pa khonde. Ine ndinawadziwa ali a Khansala Yotamu, fumbi likuwatsatira kulikonse.

Masiku ano njinga zamoto zangoti mbwee pano pa Mfuwe. Anyamata anyamulirapo anthu, mbuzi, makala, mpaka matiresi. Kale sizinali choncho. Ukamva kulira kwake patali unkadziwa kuti ndi abusa a ku mishoni, kapena alangizi a thonje, kapena amuna anga. Ndipo ya amuna anga sinkasokonezeka ndi ina, inkalira ngati ili ndi mlandu ndi munthu.

Ankaikonda njingayo, ana inu, mpaka ine kuchita nsanje. Inkagona pabalaza, matumba anga a chimanga ali pakhonde. Chitenje changa chatsopano ndinachipeza tsiku lina chili bii ndi mafuta, ati chinali chofewa bwino popukutira. Akailiza m'mawa ankapendeketsa mutu kumvetsera, ngati sing'anga pachifuwa cha mwana. Koma ndisawanamizire, ukhansala anaupeza ndi njinga yomweyo. Midzi imene galimoto inkalephera kufika nthawi ya dzinja, iwo ankafika, matope mpaka m'makutu. Ananyamulapo odwala, ananyamulapo azamba. Anthu ankati uyu ndiye wathu, sadikira msewu.

Kenaka kunabwera gulu. Anapezana ndi anzawo okonda zomwezo: amalonda a ku Chipata, makanika wina wa pa loji, ndi mphunzitsi wamkulu wina amene mkazi wake ankadandaula ngati ine. Mvula ikangosiya ankasonkhana, onse m'majekete achikopa ndi zisoti zija mumati helemeti, nkuyamba ulendo wa masiku angapo. Sikuti kunali ntchito kumene ankapitako ayi. Kungoyenda basi, kudya nkhuku zanga zokazinga pansi pa mitengo, kubwerako ali mbuu ngati otuluka m'chigayo. Wa phokoso kwambiri pagululo anali a Daka, mwini sitolo ku Chipata, munthu wamimba yaikulu. Ameneyo ankayenda ndi kamfuti kakang'ono m'jekete, ati kuopa zigawenga.

Chaka chimene ndikunenachi njovu zinavuta kwathu ku Kakumbi kuposa zaka zonse zimene ndikumbukira. Inu mukaona njovu pamsewu mumatulutsa mafoni kujambula ngati alendo a ku loji. Funsani munthu wa munda. Mapira akayamba kucha, banja lonse linkasamukira kumunda. Ankamanga nsanja, kukoleza moto, kuomba zitini mpaka manja kutupa, kutentha ndowe zosakaniza ndi tsabola kuti utsi uzithamangitse. Chaka chimenecho njovuzo zinazolowera zonse. Zinkangoima nkukuyang'ana, chitini chili m'manja.

Mlongo wanga Zakeyo, wonditsata kubadwa, amene ndinamubereka kumsana ine ndemwe, anabwera kunyumba kwathu. Inu mumamudziwa ngati agogo a ku Kakumbi osakonda kulankhula aja. Nthawi imeneyo anali munthu wa nthabwala. Koma tsiku limenelo anakana ngakhale tiyi.

"Alamu," anatero, "mapira atsala pang'ono kutha. Pali yamphongo ina yothyoka nyanga, siopanso moto. Ipha munthu imeneyo."

"Ndamva, alamu," anayankha agogo anu. "Pa Chisanu sonkhanitsani anthu pasukulu. Ndikatenga a gemu ine ndemwe, ndibwera nawo, aione njovuyo."

A gemu ndi asilikali a nyama aja, okhawo amene ali ndi chilolezo choombera. Kuti abwere msanga pankafunika munthu wa mawu olemera awakankhe, ndipo munthuyo anali khansala.

Pa Chinayi madzulo a Daka ndi anzawo anatulukira, njinga zili ndondondo. Ati madzi aphwa mumtsinje wa Lupande, njira ya ku Msoro yatseguka, ulendo woyamba wa chaka ndi mawa. Ndinaona nkhope ya agogo anu ikuwala, mtima wanga nkugwa.

"Atate ake Lute, nanga msonkhano?" ndinawafunsa titalowa m'nyumba. Lute ndi amayi ako, Tiyese, usandiyang'ane ngati sudziwa.

"Njovu zakhala m'chigwa muno kuyambira nthawi ya Nowa," anatero akumanga chikwama. "Pa Mande ndizipeza. Anthuwa achokera kutali, ndiwabweze?"

Anatuma mawu kuti msonkhano wasunthidwa. Kaya mawuwo anafika kaya anathera m'njira, mpaka lero sindidziwa. Chimene ndinamva pambuyo pake nchakuti anthu anadikira pansi pa mtengo pasukulu mpaka dzuwa kupendeka.

Tsopano musaseke. Ulendo umenewo ndinapita nawo. Amayi ena kumsika anandinong'oneza kuti mwamuna sangakonde Msoro chotero popanda chifukwa chovala chitenje. Ndiye ndinati, ndikachione ndi maso anga chifukwacho. Ndinabwereka buluku kwa mkazi wa makanika uja, ndinavala chisoti chonunkha thukuta la munthu wina, nkukwera kumbuyo. Dalitso, ndati musaseke. Agogo anu ano anali ndi chiuno nthawi imeneyo.

Ndikuuzeni zoona, zimakoma. Poyamba ndinatseka maso nkumapemphera. Koma titalowa m'nkhalango ya mitengo ya tsanya, mphepo ikuomba pachifuwa, njinga zikupendekera pamodzi pokhota ngati zamangidwa chingwe chimodzi, ndinamva china chake chikumasuka mkati mwanga. Akashembe ankalephera kutipeza. Ana m'midzi ankatithamangira akukuwa. Pa Lupande tinatsika nkukankha mumchenga, madzi m'mawondo, a Daka akutukwana, enafe tikuseka. Ku Msoro tinaona thonje likuyamba kuphulika m'minda, tinagona pafupi ndi mishoni, tinadya nsomba zouma ndi mpunga. Mkazi uja ndinamufunafuna ndi maso masiku onsewo. Kunalibe. Mkazi mnzanga ndinali nditamukhalira.

Mafoni analipo kale koma kuti ulankhule unkayenera kukwera pachulu, ndipo kumeneko ngakhale chulu sichinkathandiza. Ndiye palibe chimene tinamva.

Pa Sondo, tsiku la tchalitchi, tinanyamuka m'mamawa. Dzuwa litakwera tinayamba kulowa m'minda ya ku Kakumbi, kudzera kanjira kachidule kodutsa kumudzi kwathu. Gululo linali ndi chizolowezi: pofika kwawo kwa khansala ankaliza mahutala onse pamodzi, anthu adziwe kuti abwera. Anayamba kuliza.

Ine ndiye ndinayamba kuona. Munda woyamba mapira ali lambalamba pansi. Wachiwiri chimodzimodzi, nsanja itagwa. Ndipo panalibe mwana ndi mmodzi yemwe wotithamangira. Kenaka kutsogolo ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu. Mukudziwa tanthauzo lake, pali maliro. Pamenepo wa njinga yakapalasa amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amayenda ngati kamba. Ndinawamenya agogo anu kumsana. Ndinakuwa m'chisotimo. Iwo ankayesa ndikusangalala, anawonjezera moto. Tinaponda nthambizo njinga zonse, mahutala ali pakamwa.

Titangokhota pa mtengo waukulu wa msikidzi, chipika chinali chitapingasa msewu wonse.

Anamanga mabuleki, ine nkugunda chisoti changa pa chawo. Anzathu anaima kumbuyo kwathu, ina itatsala pang'ono kugwa. Fumbi lisanakhazikike, anthu anatuluka. Amuna okhaokha, uku ndi uku, ena kumbuyo kutitsekera njira. Anali ndi makasu, mapiki, nkhwangwa, miyendo ili ndi dothi lofiira la kumanda. Anatimva tikadali kutali, anasiya kukumba nkubwera kudzatidikira. Injini zokha zinkangolira.

Mwala unachokera kumbali nkuswa nyali ya njinga yathu. Magalasi anandigwera pamiyendo.

Ndinacheuka. A Daka anali akukuza moto, njinga ikubangula, dzanja lina likulowa m'jekete. Ana inu, ndinaona imfa pamenepo, yathu ndi ya anthu aja. Chipolopolo chimodzi chokha, palibe akanatuluka wamoyo. Mnyamata wina wa nkhwangwa analionanso dzanjalo, nkuyamba kusendera.

Agogo anu anazimitsa injini. Anavula chisoti pang'onopang'ono nkuchiika pansi.

"A Daka," anatero osakweza mawu, "tulutsani dzanja mmenemo lili lopanda kanthu. Zimitsani nonse."

"Atipha awa, a Khansala!"

"Ndati zimitsani."

Zinazima imodzi imodzi. Mpamene tinamva kulira kwa amayi kumudzi, kumene mahutala athu ankakuphimba.

Gulu linapatuka, panatulukira Zakeyo. Wofedwa sayenera kupezeka pamsewu, amakhala pansi akuluakulu atamuzungulira. Koma ine sindinaganize zimenezo, sindinadziwe kuti wofedwa ndi iye. Ndinangoona maso ake ofiira, malaya ong'ambika, piki m'manja. Ndinalimbana ndi lamba wa chisoti mpaka chinavuka. Anthu anang'ung'udza. Sanayembekezere kuti munthu wa buluku uja ndi mwana wa m'mudzi mwawo.

"Zakeyo," ndinamuitana ndi dzina ngati kamwana, pamaso pa anthu onse. "Maliro a ndani?"

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Mlamu wako," anatero. "Esinati. Dzulo m'mawa ankandibweretsera thobwa kumunda. Yothyoka nyanga ija inali isanachoke. Ndinali pansanja, ndinaona zonse." Anatembenukira kwa agogo anu. "Ndinatuma munthu kwanu, alamu. Anapeza loko pachitseko."

Ndinakhala pansi mumsewu momwemo. Esinati anali mkazi woseka ndi thupi lonse, amene ankandisungira masau chaka chilichonse. Anasiya ana atatu.

Mawu anachokera kumbuyo: "Tenthani!" Ena anawalandira. "Tenthani zonse! Ndi eni ake omwe!" Bwalo linayamba kuchepa. Ndinamva fungo la petulo, wina anali atazula kale kapaipi pa njinga ya makanika. Mphunzitsi wamkulu uja ankapemphera mokweza m'Chingerezi.

Agogo anu anatsika nkuima pakati, manja ali poyera. Anali munthu wodziwa kulankhula, pamsonkhano ankatha kuseketsa ngakhale odana nawo. Ndinkaopa kuti ayamba zimenezo, chifukwa akanangoyesa kudziteteza anthu aja akanawakhadzula. Sanatero.

"Anthuwa ndi alendo," anatero. "Sanalonjeze kanthu kwa munthu. Wolonjeza ndine. Asiyeni apite, ine nditsala."

Onse anayang'ana Zakeyo. Piki ija inali idakali m'manja mwake. Ine ndinkangoyang'ana pikiyo.

"Apite," anatero pomaliza. "Koma akankhe. Ndikamva injini isanadutse minda, tiwatsatira."

Anatembenuza njinga zawo nkuyamba kukankha mumchenga, majekete ali pathupi, dzuwa lili pamutu. Palibe amene anacheuka. A Daka ndi mimba yawo ija anali patsogolo.

Zakeyo anaponya piki pamapazi pa agogo anu.

"Manda sanathe," anatero. "Munatisokoneza ndinu. Tiyeni."

Amuna aja anawazungulira agogo anu nkuwatenga. Ndinadzuka kuti nditsatire koma azakhali anga anali atafika, anandigwira padzanja. Mkazi sapita kumanda asanathe kukumba. Anavula chitenje chawo chapamwamba nkundimanga pamwamba pa buluku lija, nkundikokera kunyumba ya maliro.

Nthawi imene ndinakhala m'nyumba imeneyo ndi yaitali kuposa ina iliyonse pa moyo wanga. Bokosi linali litakhomedwa kale, sanalole munthu kuona nkhope. Amayi anandisunthira malo koma palibe anandipatsa moni. Ndinkalira Esinati, khutu lina lili kumanda. Nyimbo ikatsika ndinkamvetsera. Kenaka kunamveka phokoso la anyamata, kukuwa, ndipo chinthu chinaphulika, phuu, mpaka fumbi kugwa kudenga. Pakhomo ndinaona utsi wakuda ukukwera kuseri kwa mitengo. Msewu ndi manda zinali mbali imodzi, sindikanatha kusiyanitsa.

Ndinalumpha. Manja anayi anandibweza pansi.

"Ndisiyeni! Awatentha!"

Mayi wina amene ndinasewera naye tili ana anandiyang'ana ndi maso ouma. "Khala pansi," anatero. "Ifenso dzulo tinathamanga. Sizinathandize."

Ndinakhala. Sindinafunse munthu, ndinkaopa yankho.

Dzuwa litapendeka uthenga unabwera kuti manda atha. Tinanyamuka ndi bokosi. Ndinkayenda ndikuyang'ana mitu ya amuna, kufuna mutu umodzi wokha, osauona. Titafika ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo, mwambo kapena ayi.

Anali m'dzenjemo. Jekete atavula, malaya atamatirira pathupi, dothi mpaka m'tsitsi. Manja aja ozolowera kugwira njinga ndi kupereka moni pamisonkhano anali atasupuka, magazi akusakanikirana ndi dothi. Ndinamva pambuyo pake kuti anyamata ankasinthana monga mwa nthawi zonse, koma iwo palibe anawalandira piki. Anakumba osapuma, osapempha madzi. Pamene njinga yawo inaphulika kumsewu anangoimitsa piki m'mwamba pang'ono, nkupitiriza.

Bokosi analilandira iwo pamodzi ndi anyamata awiri nkuligoneka bwino. Anyamatawo anzawo anawakoka, anatuluka. Agogo anu anakweza dzanja. Palibe analigwira.

Dzenje linali lakuya kupitirira mutu wawo. Pamwamba amuna anaima mozungulira, makasu ali m'manja, okonzeka kukwirira. Nyimbo inazima yokha. Dothi linagumuka pang'ono m'mphepete nkugwera pabokosi, ndipo phokoso lakelo aliyense analimva. Agogo anu anatsitsa dzanja lija nkungoima, akuyang'ana m'mwamba. Sanapemphe.

Zakeyo anasendera mpaka m'mphepete, khasu lili m'manja. Anayang'anana. Kenaka anatembenuza khasulo nkutsitsa mpini.

"Tulukani, alamu," anatero. "Si anu awa."

Dzanja sanawapatse. Anawakoka ndi mpini.

Pamaliro khansala amapatsidwa mpata wolankhula. Tsiku limenelo dzina lawo silinatchulidwe. Tinakhala pamaliropo mpaka anthu kubalalika, nkubwerera kwathu wapansi. Pamsewu panali zitsulo zakuda zokhazokha, matayala atapserera mpaka mawaya. Anaima pang'ono nkupitirira. Apolisi atamva anabwera kudzafunsa amene anatentha, agogo anu anati sanaone munthu.

A gemu aja agogo anu anakawatenga ndithu, anabwera, yothyoka nyanga ija inaphedwa sabata lomwelo. Anthu anagawana nyama. Zakeyo sanadye, ifenso sitinalandire. Mapira anali atapita kale, ndipo chaka chimenecho ana a Esinati anadya kuchokera m'nkhokwe yanga. Chisankho chitafika agogo anu anagwa, ndipo sanaimenso. Ndi Zakeyo ankapatsana moni pamaliro ndi kutchalitchi, mwaswera bwanji, ndaswera, basi. M'nyumba mwathu Zakeyo sanalowenso, nthabwala zake zinapita ndi mkazi wake.

Mukuganiza kuti njinga anaisiya? Simuwadziwa amuna. Anapirira nyengo ziwiri za dzinja. Tsiku lina ndinamva kulira pabwalo, ndikutuluka ndipeza ina, yogula kwa munthu, iwo akumwetulira mwamanyazi. Sabata lathunthu ndinkawaikira chakudya osawalankhula. Maulendo a gulu anayambanso, ngakhale a Daka sanapondenso m'chigwa muno. Inenso pambuyo pake ndinayambiranso kukwera, popita kukaona ana a Esinati.

Koma pa msikidzi uja ankazimitsa injini. Nthawi zonse, mvula kapena dzuwa, pali maliro kapena palibe. Ankatsika, kuvula chisoti, nkukankha kudutsa mudzi wonse mpaka kupitirira manda. Anzawo a gulu ankazungulira njira ina kukawadikira kutsogolo. Ana a m'mudzimo, obadwa pambuyo, ankawaseka kuti agogo a petulo wotha.

Ulendo womaliza umene tinapita limodzi anali atafooka kale, miyendo ikutupa. Pakati pa mudzi pali mchenga wambiri, njinga inatitimira. Anakankha, inakana. Ndinathandiza, inakana. Anatsamira pa njingayo akupuma movutika, ine ndikuwauza kuti angoiliza kamodzi kokha, palibe angawanene. Anapukusa mutu.

Zakeyo anali pakhonde pake akusoka ukonde, nayenso imvi zili mbuu. Anatiyang'ana nthawi ndithu. Kenaka anaika ukondewo pansi, anabwera, nkugwira kumbuyo kwa njinga. Anakankha awiriwo, ine ndikutsatira ndi zisoti m'manja, kudutsa nyumba zonse, kudutsa manda. Titafika polimba Zakeyo anachotsa manja, anawapukuta pa buluku, nkuyang'ana kumbali.

"Lizani tsopano, alamu," anatero. "Dzuwa lapita."